Amazi Si Mwazi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ambiri mumandifunsa za dzino langa lakutsogololi. Ndinalisiya m'fumbi ku Chidzolomondo ndili ndi zaka dezaseyisi, ndiye kuti khumi zisanu ndi chimodzi, tsiku limene anthu akwathu omwe anatsala pang'ono kundipha.

Chaka chimenecho kunabuka mphekesera ya anamapopa, oti amapopa magazi a anthu. Tsiku lina ine ndi msuweni wanga Felisita tikuchokera kusikola, tinapeza mayi wachilendo atagona m'chigafa cha fodya cha bambo, mapazi atatupa. Chichewa sankamva, Chipwitikizi n'chimodzimodzi. Ankangoloza pakhosi n'kumati, "Amazi." Titamupatsa madzi, anamwa akulira. Kwa masiku atatu tinkamupatsira mbatata mobisa.

Tsiku lachinayi ludzu linamutulutsa ife kulibe. Anafika pachitsime, n'kuloza pakhosi, ndipo azimayi otunga madzi anamva ngati akuti "mwazi". Pamene tinkaweruka, anali atamangidwa pamtengo wa mango, miyala ikumugwera. A Zakariya, otsogolera kwaya kutchalitchi kwathu, anali atanyamula chigubu cha gazolina, petulo uja.

"Mapazi ake achokera kuchigafa kwanu," anatero a Zakariya. "Ukumudziwa?"

Felisita analiyatsa liwiro. Ine ndinakana, abale, ndinakanitsitsa mpaka kulumbira. Mayiyo anandiyang'ana ndi diso limodzi, linalo litaphulika, n'kunena chapansipansi, "Amazi." Pagulu lonselo ndine ndekha ndinkadziwa chimene ankapempha. Manyazi anandigwira kuposa mantha. Ndinapemphera mumtima kuti Ambuye, ngati n'kufa, ndisafe ndili wabodza.

Ndinatunga madzi m'ndowa ya munthu n'kumumwetsa. Chibakera chinandipeza pakamwa, dzino n'kuguluka, ndinagwa, ndipo gazolina anandithira ine ndemwe. Mayi anga ankakuwa, koma panalibe wowamvera. Machesi ankafunidwa.

Apo m'pamene inaima chapa, minibasi yopita ku Furancungo. Dalaivala wake, bambo amene kale ankayendetsa malole mpaka ku Burundi, analankhula ndi mayiyo m'chinenero chake, kenako anatembenuka. "Kwawo amazi ndi madzi. Dzina lake ndi Imakulata, wathawa ataphedwa mwamuna wake, akufuna pobisala. Mukuwotcha munthu chifukwa cha ludzu?" Miyala inagwa m'manja umodziumodzi. Anatinyamula tonse awiri mpaka kuchipatala, ndipo Imakulata atachira, dalaivalayo anapita naye kwa olemba othawa kwawo.

Diso lake silinabwerere. A Zakariya sanapepese, Lamlungu lotsatira anaimbitsa kwaya ngati kale. Ine kusikola ankanditcha mwana wa namapopa mpaka ndinasiya, ndipo zimandiwawabe.

Komabe ndikuthokoza Mulungu amene anaimitsa chapa ija machesi asanapezeke, ndi kundikhululukira bodza langa. Inu amene mukudedwa chifukwa chothandiza mlendo, limbikani, Iye sachedwa. Dzino loikirira ndinalikana. Lilime likagunda pampata uja, ndimakumbuka kuti munthu ankangopempha madzi.