Kapitawo Asapatsidwe Mkaka

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1988, achiwiri mwa ana anga anayi. Mbiriyi ndikuwerenga ndekha ine mayi awo, chifukwa amalume awo akanalumpha mfundo imene ndaimirira pano.

Sukulu anayamba mu 1994. Anali mwana wa mafunso, mpaka kutopetsa. Mu 2011 anamaliza maphunziro a zoyeza magazi, nalembedwa ntchito ku labotale ya chipatala. Mu 2015 anakwatiwa ndi aphunzitsi a masamu akhala kutsogoloku. Mu 2019 kunabadwa mwana wamwamuna, amene timamutcha Kapitawo chifukwa amalamula nyumba yonse.

Mwanayu atasiya kuyamwa n'kuyamba mkaka wa ng'ombe, milomo inatupa, thupi lonse zidzolo, m'thewera magazi. Malemu anatikhazika pansi n'kutifotokozera kuti mu mkaka muli mapuloteni amene asilikali a m'thupi mwa mwanayu amawayesa adani. Akayamba kumenyana nawo, matumbo amatupa, pakhosi pamatsekeka. Kuyambira 2021 ntchito yawo inasanduka yomweyo: kudontheza mapuloteni a mkaka pa maselo a magazi m'timbale tagalasi, kuti aone amene amautsa kutupa ndi amene amakuziziritsa. Ankaweruka maso ali psu, msana ukuwawa, m'mawa n'kubwererakonso.

Achibale ena munkati ndi matama a sukulu, mwana sakula popanda mkaka. Wina anamupatsa kapu mobisa. Tinathera kuchipatala, mwana ali pa okosijeni. Dzina sinditchula, mwiniwake akumva.

Malemu anayamba kudwala impso mu Febuluwale 2024, ndipo atisiya pa 3 Okutobala 2025. Za ululu sankadandaula. Ankangofunsa kuti mwana wadya chiyani, wamupatsa ndani.

Asiya amuna awo, mwana mmodzi, alongo awiri, mng'ono wawo ndi ine. Tikuthokoza anamwino amene ankawatembenuza pabedi, aneba amene anatinyamula pagalimoto, ndi anzawo a ku labotale amene alonjeza kumaliza kafukufukuyo. Tidzakufunsani.

Za Kapitawo tagwirizana kale ndi bambo ake: azidya kwa ine. Asewere anga, musandione nkhanza. Tiyi akuwira kuseriku ndi wamkaka. Imwani, koma mwanayu akakupemphani, ngakhale alire chotani, mum'kanize. Bisiketi ndi yogati chimodzimodzi. Lero ndikuika mwana mmodzi, sindidzaikanso wina chifukwa cha chifundo cha munthu.

Mzimu wawo uuse mumtendere. Za mwana asadere nkhawa, ndilipo.