Diso Lomwe Linasankha Mwamuna

Pamzere wolandirira mankhwala, mayi wina anavula magalasi akuda kuti apukute misozi. Mayi woyembekezera amene anali kumbuyo kwake anadzidzimuka ataona maso ofiira psuu.

"Mayi, wakumenyani ndani?"

"Palibe, achemwali, ndi opaleshoni. Chibadwire maso angawa ankanjenjemera, ndipo lamanzereli linkayang'ana kumbali. Adotolo andikonza sabata yatha."

"Pamsinkhu umenewu? Nanga sakuwawa?"

"Akunyerenyetsa ngati mwalowa mchenga. Koma amene akudandaula kwambiri ndi bambo akunyumba. Akuti ndawachotsera diso lomwe linawakopa."

"Linawakopa bwanji?"

"Tinakumana pasiteji ya basi. Iwo ankayesa kuti ndikuwaponyera diso, mpaka analimba mtima kudzandipatsa moni. Chonsecho ine ndinkayang'ana mnzawo wamtali amene anaima pambali pawo!"

"Mayo ine! Ndiye munawauza?"

"Ndiwauzirenji? Adotolo atandichotsa bandeji, ndinawayang'anitsitsa bambowo ndi maso onse awiri. Anali chiimire pakhomo, atakumbatira kachikwama kanga, akufunsafunsa adotolo ngati ndili bwino. Achemwali, diso lopotoka lija linkaona bwino kuposa lolunjikali."