Anti Feliya Anati Ali Bwino

Moni nonse anzanga a m'gulu la achinyamata, m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Ine ndine Tiyamike, ndili Fomu 2, ndipo ndimakhala ku Machinjiri ndi amayi anga. Kuimirira kutsogolo kwa anthu sinditha, n'chifukwa chake umboni wanga ndachita kulemba. Ndikufuna ndikuuzeni za imfa ya anti anga, ndi mmene amayi anatsalira pang'ono kuwatsatira.

Anti Feliya anali mng'ono wawo wa amayi, ndipo ankachita zisudzo. Matipate atangobwera magulu a zisudzo anachuluka, ndipo iwo ankayenda ndi gulu lawo m'maholo a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa. Anthu ankawakonda chifukwa cha kukomoka. M'sewero lililonse yemwe ankakhala mwamuna wawo akabwera ndi nkhani yoipa, iwo ankagwira pamtima n'kugwa chagada, holo yonse n'kufa nako kuseka. Ine ankanditchula Kachetechete. Ankati, "Iwe Kachetechete, mawu ukusungira ndani? Adzakuolera m'mimbamo."

Loweruka lina ananditenga ku Ndirande kuti ndikawasungire chikwama. Nthawi yokomoka itakwana, kamatiresi komwe ankagwerapo kanali katasunthidwa, ndipo anamenyetsa nkhongo pa simenti. Anthu anaseka kuposa masiku onse, ena kumakuwa kuti, "Abwereze! Abwereze!" Anti anakhalitsa pansi, kenako anadzuka n'kumaliza sewero. Kuseri, amayi ena anawatsindika chotupa cha pankhongopo ndi supuni yozizira, monga timachitira mwana akagwa. Anti anangoseka. "Ndili bwino, onani magazi palibe." Titafika kunyumba anasanza, anamwa mapiritsi a mutu, n'kunena kuti akagoneko pang'ono. Sanadzukenso.

Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti a gulu lina la zisudzo awalodza chifukwa cha nsanje. Amayi ena a mumpingo mwathu, omwe ndi anamwino, anandipeza ndikulira kuseri kwa nyumba ndipo ndinawafunsa ngati n'zoona. Anandiuza kuti magazi amatha kutuluka mkati mwa mutu kunja osaoneka kanthu. Munthu amayenda, amaseka, kenako amayamba kusanza, kusokonezeka ndi kumva tulo. Anati wotereyo malo ake ndi kuchipatala, osati pamphasa.

Miyezi yotsatira inali yamdima. Amayi anasiya kuimba pogulitsa tomato wawo pamsewu. Ine ndikamva anthu akuseka ndinkachokapo, chifukwa ndinkamvanso holo ija. M'kope lomwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku ndinkangolemba dzina la tsiku, pansi pake popanda kanthu. Kutchalitchi ndinkabwera, munkandiona, koma mumtima ndinkafunsa kuti Mulungu anali kuti pamene anthu ankati abwereze. Pemphero lomwe linanditsalira linali limodzi lokha: Ambuye, musanditengerenso wina.

Mvula itayamba, amayi anaterereka pamjigo ndowa ili pamutu, n'kumenyetsa mutu pa simenti. Azimayi anawadzutsa, wina n'kuthamangira supuni. Amayi anasasa chitenje n'kunena kuti, "Ndili bwino." Mawu omwe aja. Masana anasanza, kenako anandiyang'ana n'kunditchula kuti Feliya, n'kupempha mphasa. Ndinauza anansi kuti tipite kuchipatala, koma mawu anga anali apansipansi. Anati, "Asiye apume, mwana iwe. Ukufuna ukalowetse amako m'chipatala chifukwa cha chotupa?"

Ndinathamangira kumsewu ndikubwereza kapemphero kanga kaja. Maminibasi ankadutsa odzaza, ndipo ndikaimika dzanja palibe ankandiona. Ndiye ndinakuwa. Sindinkadziwa kuti ndili ndi mawu otero. Pikapu yonyamula mchenga inaima, ndipo woyendetsa anali a Mulewa, aja ankakhala mwamuna wa anti m'masewero. Chichitikireni maliro aja anali atasiya zisudzo.

"Kachetechete, ndiwe wakuwa chonchi?"

"Amayi agwa, amenyetsa mutu. Akuti ali bwino."

Nkhope yawo inasintha. Anakhota ndi mchenga womwewo mpaka pakhomo pathu, ananyamula amayi anansi akungoyang'ana, ulendo wa kuchipatala chachikulu. Kumeneko anapeza magazi mkati mwa mutu, ndipo anawachita opaleshoni tsiku lomwelo.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Dzanja lamanzere la amayi n'lofooka, amalankhula pang'onopang'ono, ndipo sangasenzenso kanthu pamutu. Madzi ndimatunga ndine ndisanapite kusukulu. Anti Feliya sadzabweranso, ndipo zoti n'chifukwa chiyani iwo sanapeze pikapu yowathamangitsira kuchipatala, Mulungu sanandiyankhe. Masiku ena ndimalirabe popanda wondiona. Koma amayi alipo, amanditchula dzina langa lenileni, ndipo pa chimenechi ndikuthokoza Ambuye, amene anamva pemphero la munthu yemwe anali atatsala pang'ono kusiya kupemphera. Ndikuthokozanso a Mulewa ndi amayi anamwino aja.

Anzanga, ngati mwatsala ndi kapemphero kamodzi, musakataye. Ndipo wina akamenyetsa mutu n'kunena kuti ali bwino, musathamangire supuni, thamangirani galimoto, ngakhale akusekeni. Anti ankandifunsa kuti mawu ndikusungira ndani. Ndikanakonda akanakhalapo kuti ndiwayankhe: ndinkasungira achemwali awo.