Telala pa Windo la Masingano

Telala wina, munthu woti akangomva mawu oti "ulere" makutu amaima, singano yake yomaliza inamuthyokera akusokerera mikanda pa diresi la apongozi ake, pomwe iwo anali atanenetsa kuti masana alivala basi. Pokumbukira kuti pawailesi ananena zoti boma likusinthitsa masingano akale ndi atsopano mwaulere, anathamangira kuchipatala, nakapeza nesi wosadumpha mzere ngakhale umodzi pa fomu.

"Ndabwerera singano, anesi."

"Mwachita bwino, bambo, kuno sitiweruza munthu. Munayamba liti?"

"Ndili ndi zaka khumi. Anandiphunzitsa ndi malume."

Nesi anaika cholembera pansi, nachitolanso. Anafunsa kuti amabaya kangati patsiku.

"Angawerenge ndani? Kuyambira m'mawa mpaka maso achite chidima."

"Mumabaya pati?"

"Paliponse. Pamkono, pakhosi, m'chiuno. Lero ndimabaya pachifuwa pa apongozi."

"Apongozi anunso?"

"Iwowo ndiye kasitomala wovuta. Ndikangochedwa amachita kunjenjemera."

Nesi, chisoni chitamugwira, anatsitsa mawu n'kumuuza kuti pali mankhwala ndi uphungu zothandiza munthu kusiya pang'onopang'ono. Telala anapsa mtima.

"Ndisiye? Ana adya chiyani? Ingondipatsani singano, dzuwa likupita."

Nesi anatsegula kabati, namupatsa jakisoni watsopano wa m'pepala. Mkulu uja anamutembenuza uku ndi uku, kumuyang'anira kuwindo, diso limodzi atatsinzina.

"Nanga ulusi ulowera pati?"

"Ulusi?"

Apa m'pamene nesi anaona tepi yoyezera ikulendewera m'thumba la bamboyo. Anaseka mpaka kugwira tebulo. Atapuma, anafotokoza kuti masingano aboma ndi a anthu odzibaya mankhwala ozunguza bongo, kuti asamapatsirane matenda pobwerekana. Telala sanaseke nawo, maso anali pa wotchi yapakhoma poopa apongozi.

Nesi anamumvera chifundo. Anapisa m'chikwama chake n'kutulutsa kasingano kosokera mabatani a yunifolomu.

"Kabwerekeni aka, mubweze mawa."

Telala anakalandira, nakabaya pakolala ya malaya ake bwinobwino. Kenaka anaika yothyoka ija patebulo, n'kuikankhira kwa nesi ndi chala chimodzi.

"Kubweza ayi, anesi. Mwanena nokha, boma laletsa kubwerekana. Apa tasinthana."