Makalata Odzera ku Lusaka

Pa siteji ya basi ku Falls Church ku Amereka, a Wahab, bambo wa imvi, ankang'ung'udza kanyimbo ka kwawo kuti mtima ukhale pansi. Mtsikana wina atakazindikira kanyimboko anawacheukira.

"Ndinu akumudzi, agogo? Nanga kutchena konseku?"

"Ndikukachingamira Galina ku eyapoti. Tinakondana ndili pasukulu ku Moscow. Chisiyanirane 1979, sitinaonanenso."

"Nthawi ija Amereka ndi Arasha ankalozana mabomba?"

"Eya. Kwathu kalata ya sitampu yachikomyunisiti inkamangitsa munthu. Zake zinkadzera ku Lusaka, msuweni wanga n'kumasintha envulopu."

"Nanga akapanda kubwera?"

Foni inalira m'thumba. A Wahab anawerenga uthengawo kawiri.

"Watera! Mwanangu, amati nkhondo ija anapambana ndi Amereka. Bodza limenelo. Ndapambana ndine!"