Nthenga za a Walter ku Dudley

Zaka zija tinkafika kumene kuno, kumayambiriro kwa m'ma 2000, ine ndinkagwira ntchito ku care home ina, nyumba yosamalira okalamba, ku Dudley, ndipo za galimoto sitinkazidziwa ngati inu lero, tinkadikira basi mano akugogoda ndi chisanu.

Kumeneko kunali nkhalamba ina, a Walter, amene moyo wawo wonse ankayendetsa ngolo ya maliro yokokedwa ndi akavalo. Kale azungu a kuno akafuna kulemekeza womwalira ankamanga nthenga zakuda za nthiwatiwa pamitu ya akavalowo, ndipo a Walter ankasunga ziwiri pansi pa bedi. Mbalameyo iwo ankaitchula kuti estridge, dzina limene anamva kwa agogo awo, loti ngakhale manesi achizungu sankalidziwa. Ankati dzinali linkatanthauza nthiwatiwayo, ubweya wake wofewa wopangira zipewa, komanso mtundu wina wa kabawi. Ndikawauza dzina la kwathu, lilime linkawakana, tonse n'kuseka.

Tsiku lina ndikuwameta ndevu anandigwira dzanja. "Mwana wanga, ndaperekeza anthu osawerengeka, koma ine wondiperekeza ndilibe." Ana inu, ine ndinati, "Agogo, kwathu munthu saikidwa ngati galu."

Atamwalira, wachibale sanapezeke, ndipo a khonsolo anakonza maliro achidule pakati pa sabata. Bwana wathu anati antchito ndi ochepa, sindingachoke. Ndinamuuza maso ndi maso kuti ndikupita, akafuna andichotse, ndipo dziwani kuti chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chinali pa ntchito yomweyo. Ndinaimbira foni amayi a kutchalitchi ndipo anabwera, ena a ku Oldbury, ena ochokera ku night shift osagona n'komwe, tinamanga zitenje pamwamba pa majekete. Akavalo tinalibe, koma nthenga zija tinaziika pabokosi, ndipo tinaimba nyimbo zathu mpaka m'busa wachizungu anatulutsa kampango. Bwana uja anandikwiyira kwa kanthawi, koma anatopa yekha.

Lero inu mukamva zovuta mumangotumiza kauthenga pafoni, mukuti muli busy. Ayi, ana anga, maliro n'kulirana. Dziko lino ndi la eni ake, ndipo ambiri a ife manda athu adzakhala konkuno. Loweruka ku Stoke tikuika bambo wina wa ku Zambia. Simukuwadziwa, inde, koma mudzuke msanga tipite.