Malaya a mwana wanga sindinawadule

Okondedwa omvera, ndine mayi wa ku Mabvuku, ntchito yanga ndi yosoka. M'zaka za nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lino, mwana wanga woyamba ndi anzake atatu anayambitsa bandi ya nyimbo za roko. Phokoso lake sindinkalikonda, komabe ndinawasokera malaya anayi ofiira, atalonjeza kuti Lamlungu ndiziwaona kutchalitchi.

Anyamatawo ankangosinthana. Woimba ng'oma anakwatira n'kusiya, wina anabwerera kumudzi ku Malawi. Aliyense wolowa m'malo ankabwera kwa ine kuti ndimuchepetsere kapena kumukulitsira malaya a mnzakeyo.

Tsiku lina mwana wanga anasowa. Tinamva kuti wawolokera ku Mozambiki, kunkhondo. Gitala ndi malaya ake anazitenga mnyamata wina wamimba yaikulu, ndipo anabwera kwa ine.

"Mayi, takulitsaniko malayawa, mabatani akukana."

"Mwanawe, awa sindiwakhudza ndi sizasi. Mwini wake akubwera."

"Ndiye ndiziimba mimba ili pamtunda?"

"Uziibisa ndi gitalalo."

Anaimbadi choncho zaka zinayi, anthu n'kumati ndi fasho. Ine ndinkagwada m'mawa uliwonse, kukumbutsa Ambuye kuti malaya aja ali ndi mwini wake.

Nkhondo itatha, mwana wanga anatulukira, wowonda koma wamoyo. Mu bandi munalibenso mnzake ndi mmodzi yemwe wakale. Wamimba uja atamva kuti uyu ndiye mwana wanga, anavula malaya n'kumuveka. Mabatani onse analowa.

"Mayi," anatero wamimbayo, "tsopano ndisokereni anga. Ndazizidwa mokwanira."

Ndinasoka ndikuimba zotamanda Mulungu. Inu amene mukudikira wanu, musafulumire kugwira sizasi.